Yofiira Inadutsa pa Masamba

1.

Akufuna woyendetsa yofiira.

Lamulungu masana, pamsewu wa m'minda ya tiyi kuseri kwa Thyolo. Chipika cha bulugama chagona chopingasa pa phula. Magalimoto khumi ndi awiri, afupiafupi onse, a mimba zokhudza pansi, aima mondondozana ngati abakha, ndipo anthu a m'mudzi wa Mbeluko awazinga. Ena ali ndi makasu a kumanda, dothi lake likadali lonyowa. Mwamuna wina wanyamula chigubu cha petulo, chivindikiro watsegula kale.

Yofiirayo ndi yathu. Ine ndine Idesi, mayi a Lonjezo, ndakhala kumanzere, chikwama pamiyendo. Amuna anga, a Mpasanje, agwira chiwongolero ndi manja onse awiri galimoto ili yozima.

Ine sindinanene kanthu.

2.

Dzulo lake, Loweruka.

Zaka zitatu ndakhala ndikukana kupita nawo ku ulendo wa gulu lawo la magalimoto. Chaka chino anandinyengerera sabata yathunthu. Mayi a Lonjezo, anzanga onse amabwera ndi akazi awo, ine ndekha ndimaoneka ngati ndinathawidwa. Ndinavomera kuti ndikaone ndi maso anga kumene kumathera Loweruka ndi Lamulungu la bambo wa zaka makumi asanu ndi zinayi, wa shuga, wa bipi, mwini sitolo ya zitsulo ku Limbe.

Ndinaonadi. Loji ya pakati pa tiyi, kapinga wometa bwino, magalimoto ataikidwa mozungulira, maboneti ali yasaa. Azibambo atawerama, matako kumwamba, akusuzumira m'mainjini ngati mwagwera mwana. Dokotala wa mano. Loya. Awiri a kubanki. Wina amene palibe akudziwa ntchito yake koma aliyense amamupatsa moni ndi manja awiri.

Anthu akuluakulu, a ndevu zawo.

3.

Malamulo a gulu, monga anawawerengera tcheyamani, a Kapyepye, dokotala wa mano uja, ataima pa kuleti ya mowa:

Osatsamira galimoto ya mnzako.
Osadyeramo tchipisi.
Azimayi, nsapato za zidendene zazitali zimaboola kapeti.
Pahampu timadutsa chammbali, pang'onopang'ono, mpweya titaugwira.
Ukaona nthambi, mwala, mbuzi kapena munthu pamsewu, kumbukira penti.
Chiwongolero sichibwerekedwa. Ngakhale kwa mkazi wako. Makamaka kwa mkazi wako.

Pa lomalizali anaseka mpaka loya anatsamwa ndi nyama yootcha, anzake nachita kumumenya kumsana.

4.

Yofiirayo inabwera kwathu zaka zitatu zapitazo, itanyamulidwa pa thiraki ngati mkwatibwi. Mipando iwiri basi. Thumba la chimanga sililowa. Lonjezo akafuna kukwera, ine ndizitsala. Mayi anga atadwala mwendo, kagalimoto kanga kali kwa makaniko, tinawatengera kuchipatala pa minibasi, chifukwa kuti ukhale m'chigalimotochi uyenera kuyamba wagona pansi, ndipo podzuka pamafunika munthu wokukoka. A Mpasanje enieniwo amatuluka ndi mawondo ndi manja, akubuula, chimimba chitatsogola.

Koma imasambitsidwa kawiri pa sabata ndi sopo wakewake. Ili ndi bulangete. Ine chitenje chatsopano ndinachiona liti?

Amaitcha Mwana. Mwana wadzuka bwanji lero, Mwana akutsokomola pang'ono. Mwana weniweni ali ku sekondale, sadziwa kuti bambo ake amadziwa kalasi yake kapena ayi.

5.

Pa chipika paja, Lamulungu.

Mkulu wa adzukulu, amene anakumba manda m'mawawo, anali a Mulinde, bambo wamfupi wa dothi mpaka m'zigongono. Anagogoda pagalasi lathu ndi chala chimodzi. Magalasi a yofiira ndi akuda bii, wa kunja saona wa m'kati.

Tsitsani galasi, bambo.

A Mpasanje anatsitsa pang'ono, mpata wongolowa dzanja.

Yofiira yadutsa m'mawa ija ndi yomweyi?

Ndi yomweyi.

Masamba munawaona?

Thukuta linali kutsika kuseri kwa khutu lawo n'kumalowa m'kolala.

Tinawaona.

Ine sindinanene kanthu.

6.

Ife a kwa Mbeluko tinene zathu. Mofati anatisiya Lachisanu, mnyamata wothyola tiyi, wasiya mkazi ndi ana awiri, ndipo masamba tinayala pamsewu monga tichitira nthawi zonse, mzere wina kumtunda mzere wina kumunsi, kuti wodutsa adziwe kuti pano pali zovuta, ndipo aliyense amadziwa, wa njinga amatsika n'kumakankha, wa chipewa amavula, wa minibasi amazimitsa wailesi, ngakhale wa thiraki ya matabwa wochokera kutali amabweza moto, ndiye m'mawa uno kunadutsa timagalimoto khumi ndi kamodzi tophwatalala, tikukwawa pamasamba pathu ngati tikuponda mazira, ife n'kumati koma anthu a m'tauniwa ulemu ali nawo, titatha kudutsa tinatulutsa bokosi pa siwa kuti tiwoloke nalo msewu kupita kutchalitchi, amayi akuimba kumbuyo, ndipo tili pakatikati pa phula tinangomva chiphokoso kumtunda, osaona kanthu, kenako chofiira, onyamula analumphira mu ngalande uku ndi uku, bokosi linagwa chapangodya, chivindikiro chinakanuka, tinaona mapazi a Mofati ali m'masokosi oyera amene mkazi wake anamuveka, ndipo chofiiracho sichinaime, koma msewu wobwerera ku Blantyre ndi womwewu, wina kulibe, ndiye tinadula bulugama n'kudikira.

7.

Loweruka masana kunali mpikisano wa phokoso. Galimoto siyenda, yangoima pa kapinga, mwini wake akuponda moto mpaka pansi, a Kapyepye atakweza foni m'mwamba akuti ikuyeza. Nkhuku za pa loji zinathawira m'tiyi. Wophika anatuluka m'khitchini mpeni uli m'manja, akuganiza kuti kwaphulika kanthu.

Amuna anga anavala magolovesi achikopa, odulidwa zala, kuti aponde moto ndi phazi. Anakhala achiwiri. Anawapatsa kapu yolembedwa dzina la gulu, ndipo iwo anawerama n'kupsompsona boneti pamaso pa anthu. Ine anandipsompsona komaliza Lonjezo asanamere mano.

Ife azimayi anatiikira mipando pansi pa mtengo, kutali, kuti tisatsamire. Mkazi wa loya anandifunsa kuti nanga inu mumayendetsa chiyani, amayi. Ndinati kagalimoto kanga kakale, kopita nako kutchalitchi, kuchigayo ndi kumaliro. Zaka khumi ndi zisanu, ngakhale nkhuku sindinagundepo. Anati ooo, n'kuyang'ana zikhadabo zake.

Anthu akuluakulu, a ndevu zawo. Ndi akazi awo.

8.

Iwe woyendetsa, masamba unawaona. Usanamizire fumbi, usanamizire dzuwa. Unakulira kumudzi, unayalapo masamba otero ndi manja ako tsiku limene bambo ako anagona pa mphasa, ndipo unatukwana m'mtima wa njinga yamoto amene anadutsa osatsika. Ukudziwa tanthauzo lake kuposa onse aja a maboneti oyasama. Iwo anabweza moto poopa kukala penti, zoona, koma anabweza.

Iwe sunabweze.

Chitsiru cha munthu.

9.

A Kapyepye anatuluka m'galimoto yawo yachikasu, chipewa cha gulu chili kumutu.

Abale anga, tiyeni tikambirane ngati anthu.

Vulani chipewa, wina anakuwa kumbuyo. Anavula. Dzanja linalowa m'thumba la thalauza.

Tulutsani dzanja m'thumbamo, bambo, anatero a Mulinde. Pano sitikugulitsa maliro.

Dzanja linatuluka lopanda kanthu, ndipo tcheyamani anayang'ana chigubu cha petulo, nayang'ana yachikasu yawo.

Kunena zoona, ife enafe tinadutsa mwaulemu, inu nomwe ndinu mboni. Yofiirayi inatsalira m'mbuyo yokha. Ife za iyoyi sitikuzidziwa. Ndipo mwini wake si kuti ndi membala weniweni, makalata ake sanathe.

Zaka zitatu a Mpasanje akuwanyamulira makala, akuwaotchera nyama, akuseka nthabwala zawo zosaseketsa. Ndinamva magalasi a magalimoto ena akukwera, limodzi limodzi, ndi zitseko zikukhomedwa m'kati. Wa chigubu uja, amene tinamva kuti ndi mchimwene wa malemu, anathira petulo pa boneti yathu. Fungo linalowa m'kati.

A Mpasanje anavula magolovesi. Anawaika pamiyendo panga. Anatsegula chitseko n'kutuluka monga atulukira, ndi mawondo ndi manja, ndipo sanadzukenso. Anakhala chogwada pa phula lotentha.

Ndine, abale. Ndalakwa ndine. Amayiwa asiyeni.

10.

Wa chigubu uja anapisa dzanja m'thumba.

11.

Machesi analipo, ndinawaona. Amene analetsa ndi mchemwali wa malemu, mayi Felesiya, wamtali, maso ofiira, mawu atasasa ndi kulira kwa masiku awiri.

Achimwene, musaotche. Utsi wa chinthu chawochi usatinunkhitsire maliro.

Anayenda mpaka pamene anagwada amuna anga.

Bambo, dzina sindikufuna. Mlongo wanga mwamugwetsa pamsewu ngati thumba la makala. Kalipentala wakhomanso bokosi, mwambo wa kutchalitchi watha, kwatsala kumanda. Vulani nsapato. Munyamula Mofati kuchokera pano mpaka kumanda, kutsogolo, mbali ya kumutu. Ena azilandirana monga mwa nthawi zonse. Inu palibe okulandirani.

Bokosi sanyamula munthu mmodzi yemweyo njira yonse. Unyamula mapazi makumi awiri, mnzako walowa pansi, iwe watuluka, ndi mmene mudzi wonse umaperekezera munthu. Ndipo manda a kwa Mbeluko ali pamwamba pa chitunda, kupitirira minda itatu ya tiyi.

Amuna anga ali ndi shuga, ali ndi bipi, m'mawa anangomwa tiyi. Mawu amenewa anafika pakhosi panga.

Ine sindinanene kanthu.

12.

Za m'chikwama changa, tsiku lililonse, kulikonse kumene ndingapite:

chitenje,
duku,
buku la nyimbo,
mankhwala a mutu,
maswiti awiri a bambo a Lonjezo, shuga akatsika.

Ndine mlembi wa amayi a Mvano kumpingo kwathu. Mitembo imene ndasambitsa sindingaiwerenge. Ndinamanga chitenje, ndinamanga duku, ndinatuluka n'kukalowa pakati pa amayi, ndipo palibe anandikankha. Nyimbo imene anayambitsa ndimaidziwa ndime zonse. Pofika ndime yachitatu wotsogolera mawu anamuthera, ndinatsogolera ndine.

Maswiti anatsala m'chikwama.

13.

Phula linatha, inayamba njira ya miyala. Kutsogolo kwanga ndinkaona msana wawo, malaya a gulu atamatirira ndi thukuta, phewa litapendekeka. Amuna a m'mudzimo ankalowa ndi kutuluka pansi pa bokosi, kumanja, kumanzere, kumbuyo, koma ngodya yawo yokha inali yosasinthika. Mapazi a munthu amene sanapondepo pansi chigulire sitolo. Pa munda wachiwiri anayamba kusiya madontho ofiira pamiyala. Anapunthwa, bokosi linagwedezeka, amayi anakuwa, iwo anadzuka nalo osaligwetsa.

Mayi Felesiya anandigwira dzanja. Anali atandiyang'ana nthawi yaitali.

Ndinu akazi awo?

Ndine.

Pepani, amayi. Mukuoneka munthu wopemphera. Ife zathu zithera kumandaku, koma inu mubwerera nawo kunyumba. Mumakhala nawo bwanji munthu wotere?

Ndinafinya dzanja lawo. Ndinakweza nyimbo.

14.

Anzawo aja sanakwere chitunda. Anatsala m'magalimoto, mainjini akulira kuti mphepo yozizira isathe. Wa kubanki mmodzi anatsitsa galasi pang'ono n'kutulutsa foni, ndipo tisanafike n'komwe ku Limbe kanema anali atazungulira Blantyre yense: Mpasanje wa zitsulo, wopanda nsapato, bokosi paphewa.

Atatha kukwirira, a Mulinde anapatsa a Mpasanje madzi m'chikho. Anthu anagubuduza chipika. Mchimwene wa malemu anatenga chigubu chake n'kumapita osacheuka. Anzathu ananyamuka ife tisanafike pamsewu, onse khumi ndi mmodzi, mwaulemu, pang'onopang'ono.

A Mpasanje nsapato zinakana kulowa. Anayendetsa ndi mapazi otuluka magazi, kapeti yawo yokondedwa ikuthimbirira. Njira yonse anangonena chinthu chimodzi, titadutsa Bvumbwe.

Mayi a Lonjezo, muli ndi switi?

15.

Lolemba a Kapyepye anawachotsa pa gulu la pafoni. Lachiwiri anthu ankalowa m'sitolo osadzagula kanthu, kudzangoona. Lachitatu Lonjezo anaimba kuchokera kusukulu akulira, anzake amuonetsa kanema, akuti sakufuna bambo ake adzabwerenso kudzamuona.

Lachinayi amayi a Mvano anandiika pakati. Anandisanjika manja. Anapempherera banja langa, anapempherera mtima wouma wa amuna anga, anathokoza Mulungu chifukwa cha mayi wopirira amene anaimba pamaliro a anthu osawadziwa kuti aphimbe manyazi a mwamuna wake.

Ameni wanga anamveka mpaka panja.

Kunyumba ndinawapeza pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi a mchere, akuwerenga nyuzipepala ya dzana. Yofiira ili mu galaja, itafundidwa bulangete lake. Sanaitchulenso Mwana. Sanandifunse kanthu, sanandiyang'ane moipa, anangoti mwaswera bwanji kutchalitchi. Munthu wanji wosakwiya? Munthu wanji wogwada pamaso pa mudzi wonse, chimimba chili lende, n'kubwera kunyumba kudzafunsa mwaswera bwanji? Ndinawayang'ana pakhondepo ndipo ndinanyansidwa nawo kuposa kale lonse.

Munthu wamkulu, wa ndevu zake.

16.

Lamulungu m'mawa, tisanafike kwa Mbeluko.

Tinali omaliza pamzere, ndipo ndinati imani apa, bambo a Lonjezo, ndipatseni ndione chimene chimakupengetsani. Anaseka. Anayang'ana kutsogolo, anzawo atakhota kale, palibe wotiona. Pang'ono pokha, mayi a Lonjezo, mpaka pa mlatho. Anandikokera mpando kutsogolo ndi manja awo, akumwetulira ngati ndawavomera ukwati kachiwiri.

Ndinaponda pang'ono ndipo chinandikankha kumsana, ndinapondanso, tiyi wa mbali zonse anasanduka nsalu imodzi yobiriwira, chiphokoso chija chimene ndinachitukwana dzulo lake chinalowa m'mafupa mwanga, m'mimba, m'mano, ndinamva ndikuseka, ine Idesi, mawu amene sindinawamvepo chithere utsikana wanga, panalibe chigayo, panalibe mtembo wondidikira, panalibe wondifunsa kuti ndiwo n'chiyani lero, iwo akuti bwezani pang'ono, ine ndikuwonjezera, ndipo ndinawaona masamba, ndinawaona patali, mzere wobiriwira wopingasa msewu, ndinadziwa, iwo anakuwa masamba, Idesi, masamba, phazi langa linamva koma linakana chifukwa zinali kukoma, zinali kukoma kuposa chilichonse chimene ndinalawapo m'zaka makumi awiri, ndinati kamphindi kamodzi kokha, kenako pokhota, anthu, bokosi, pagalasi loonera kumbuyo ndinaona likugwa, ndipo sindinaime.

Ndinakaima pa mlatho. M'chifuwa munali mukadali kutsekemera, ndipo chimenecho ndi chimene sindidzachinena pa Mvano. Amuna anga ndimawanyoza kuyambira m'mawa mpaka madzulo chifukwa ndikangosiya, pakamwa panga patuluka zoonazi.

Iwo anatuluka, anazungulira, anatsegula chitseko changa.

Tsikani, mayi a Lonjezo. Khalani kwanu.

Ndinatsika. Analowa, anakankhira mpando kumbuyo mpaka pamene umakhala nthawi zonse, anakonza galasi kuti ligwirizane ndi maso awo, ndipo anavala magolovesi.